Ulosi ndi wa ku Tete, koma chimanga chili ku Tsangano

Mvula ikangoyamba kukata, dziko lonse limapumira m'mwamba. Akuluakulu a zaulimi amayendera minda n'kulengeza matani amene akuyembekezeka, mabungwe othandiza pa ngozi amapinda matenti awo, ndipo nkhani ya zanyengo, yomwe mu Januwale inali yoyamba, imabwerera kumchira kwa nkhani za pa wailesi komwe amaiwerenga mothamanga nyimbo isanalire. Onsewa amawerengera chimanga cha m'munda ngati chalowa kale m'nkhokwe. Mlimi wa ku Tsangano kapena ku Macanga amadziwa kuti sichinalowe. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka mu Meyi, thukuta lake lonse la chaka limakhala panja: chimanga pamikukwe, nyemba pabwalo, fodya m'chigafa chopanda zipupa, mbatatesi yobzala mochedwa ikadali m'munda. Masiku atatu a mvula yamawawa panthawi imeneyi angathe kuwononga zomwe ng'amba ya mu Febuluwale inalephera kuwononga. N'chifukwa chake ndikuti sabata ya masika ndiyo imene mlimi wa kumapiri kuno amafunika kuidziwiratu, ndipo ndiyo imene amasiyidwa yekha kuti aziyang'ana kumwamba. Boma la Mozambique lili ndi ngongole kwa iye: ulosi wa masiku asanu ndi awiri, wonena za dera lake, m'chilankhulo chake, womveka sabata iliyonse mpaka zokolola zitalowa m'nyumba.

Nthambi yoona zanyengo ya INAM ikamalengeza za mawa imatchula mizinda ikuluikulu: Maputo, Beira, Chimoio, Tete, Lichinga ndi ina. Ndiye kuti chigawo cha Tete, chomwe kukula kwake kungafanane ndi mtunda wonse wa dziko la Malawi, chimaimiridwa ndi mzinda umodzi wa m'chigwa cha Zambezi, umene uli pa mamita osakwana 200 pamwamba pa nyanja yamchere ndipo ndi umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri m'dziko muno. Furancungo, likulu la Macanga, ali pa mamita oposa 1,200. Madera ambiri a Tsangano ndi okwera kuposa pamenepo, ndipo phiri la Dómuè ku Angónia limapitirira mamita 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, choncho tsiku limene a ku Tete akubisala m'mithunzi, mayi wa ku Ntengo-wa-Mbalame amalawirira kudimba atafunda nsalu ziwiri. Mvula nayo ndi yosiyana. Mumzinda wa Tete pachaka siifika mamilimita 700, pomwe kumapiri imayandikira kapena kupitirira 1,000. Zafika pakuti nambala za ku Lichinga, kutsidya kwa nyanja ya Malawi, zingamuuze zoona mlimi wa ku Chidzolomondo kuposa za likulu la chigawo chake. Ndipo awa si anthu ochepa oti n'kuwaiwala: kalembera wa 2007 anapeza kale anthu oposa 160,000 ku Tsangano ndi oposa 100,000 ku Macanga, ndipo maboma awiriwa pamodzi ndi Angónia ndiwo amadyetsa chigawo chonse.

Amene amati mvula ikatha nkhani ya nyengo yathanso sanayang'ane bwino zomwe zimachitika kumwamba m'miyezi imeneyi. Mu Epulo mitambo ya mvula ya dzinja imakhala ikubwerera kumpoto. M'malo mwake, mpweya wolemera umene umadutsa kumwera kwa South Africa n'kulowa m'nyanja ya Indian Ocean umayamba kukankhira kuno mphepo ya mwera, yozizira komanso yonyamula chinyontho. Mphepoyi ikamadutsa m'chigwa nthawi zambiri siigwetsa kanthu, koma ikagunda mapiri a Kirk Range ndi chitunda cha Angónia imakwera, n'kuzizira, n'kusanduka chifunga ndi mvula yowaza ya masiku awiri kapena atatu, chiperoni chimene aliyense wa kuno amachidziwa. Chikatha, kumwamba kumayera, usiku kumazizira, mame amachuluka, ndipo pofika Juni chisanu chimatha kuwaula tomato ndi nyemba za m'madambo usiku umodzi wokha. Pamwamba pa izi pali anamondwe. Nyengo yawo kumwera chakumadzulo kwa Indian Ocean imatha pa 30 Epulo, ndipo amene atisautsa kwambiri zaka zino anabwera chimanga chitakhwima kale: Idai mu Malichi 2019, Gombe mu Malichi 2022, Freddy mu Malichi 2023, Jude mu Malichi 2025. Kenneth anafika ku Cabo Delgado pa 25 Epulo 2019, anthu ambiri ataika kale maambulera awo pansi pa bedi.

Tione chimanga mwachifatse, pakuti apa ndiye pagona nkhani. Chikakhwima m'munda, njere imakhala ndi madzi pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse, ndipo kuti chisungike m'thumba madziwo ayenera kutsika kufika cha m'ma 13. Kutsika kumeneku kulibe makina. Ndi ntchito ya dzuwa ndi mphepo. Mlimi amaluma njere kuti amve ngati ikuthetheka, kapena amathira njere ndi mchere wouma m'botolo n'kukhutchumula, ndipo mchere ukamamatira m'mbali amadziwa kuti sichinaume. Mbewu zambiri za makono zili ndi makoko osatseka bwino kunsonga, moti mawawa amalowa m'chisononkho n'kuyambitsa chuku chikadali chiimire. Chodula kale n'kusanja pamkukwe chimayamwa chinyontho cha pansi. Chotonola n'kuyanika pabwalo chikanyowa, mwini wake amachiwola mothamanga n'kuchiunjika m'nyumba, ndipo mulu umenewo ukagona masiku awiri umatentha m'kati ngati uli ndi malungo. Chimanga choola sichitayidwa, tonse tikudziwa. China chimapita ku mowa, china ku nkhuku ndi nkhumba, china chimadikira mwezi wa njala kuti chikalowe kuchigayo. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni, ndipo woopsa kwambiri ndi aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo sachoka ndi kuphika. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 125 anafa atadya chimanga chomwe chinanyowa nthawi yokolola n'kusungidwa chisanaume. Mu 2024 boma la Zambia linachotsa ufa wina pamsika agalu pafupifupi 400 atafa ndi poizoni yemweyu. Mozambique yemwe si mlendo pa nkhaniyi, popeza kafukufuku wa ku Inhambane wa m'zaka za m'ma 1970 ndi mmodzi mwa amene anaonetsa dziko lapansi kuti aflatoxin ndi khansa ya chiwindi zimayendera limodzi.

Ku Macanga ndalama ndi fodya, ndipo fodya wa bale amaumira mumphepo. Akathyola ndi kusoka, masamba amalendewera m'chigafa kwa masabata angapo. Chinyontho chikakhalitsa, chuku chimagwira tsamba ndipo mtengo wake umagwa. Kukauma kwambiri, tsamba limafumbutuka m'manja, n'chifukwa chake osankha fodya amalawirira mame asanakamuke, ndipo wodinda mabelo pa jeke amafuna tsamba lofewa pang'ono koma losanyowa. Mlimi wa fodya amafunadi kudziwa za chinyontho cha mawa ndi mkuja kuposa kuchuluka kwa mvula. Iye analandira mbewu ndi feteleza pa ngongole kuchokera ku Mozambique Leaf Tobacco, kampani ya Universal Corporation ya ku America yomwe ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, ndipo ngongoleyo imadulidwa pogulitsa, kaya tsamba lapeza giredi yabwino kaya lagwa. Ku Tsangano nkhani ndi mbatatesi. Chiwawu chimakonda masiku ozizirira achinyontho, chiperoni chenichenicho, ndipo chingathe kudetsa munda wonse m'sabata imodzi. Mankhwala monga Dithane amateteza tsamba lisanagwidwe. Kupopera chiwawu chitalowa kale ndi kutaya ndalama, ndipo kupopera mvula ili pafupi ndi kutsukitsa mankhwala. Ku Britain alimi amalandira chenjezo la matenda omwewa pakadutsa masiku awiri otsatizana amene kutentha sikunatsike pansi pa madigiri 10 ndipo chinyontho chinafika magawo 90 pa 100 kwa maola asanu ndi limodzi. Lamulolo ndi losavuta, ndipo alangizi athu akhoza kulikonza kuti ligwirizane ndi kuno. Mlimi wa kuno amayenera kungoganizira, botolo la mankhwala lili m'manja.

Ndisanamizire INAM kuti ili chete. Kukamabwera mvula yamphamvu imatulutsa chenjezo lotchula maboma mayina, ndi mamilimita amene akuyembekezeka m'maola 24, ndipo bungwe loona za ngozi la INGD limanyamula uthengawo. Wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete imaulutsanso m'Chinyanja. Koma pakati pa nambala ya tsiku ndi tsiku ya mzinda wa Tete ndi chenjezo la ngozi pali mpata waukulu, ndipo masika onse amagwera mumpata umenewo. Mawawa a mamilimita 5 sagwetsa mlatho, choncho saitanitsa chenjezo, koma amaoletsa nyemba zomenya kale. Ntchito za mabungwe zophunzitsa alimi kugwiritsa ntchito ulosi zafika kwambiri kumaboma ouma a kumwera monga Changara, ndipo n'zomveka chifukwa njala imayambira kumeneko. Komatu chakudya chimene chimapulumutsa Changara chimachokera kumapiri kuno. Chomwe chikufunika si chinthu chapatali. Lolemba lililonse wailesi za m'madera za ku Ulónguè ndi ku Furancungo zizitha kunena mawu onga awa: Lachitatu ndi Lachinayi kudzakhala chifunga ndi mawawa m'madera okwera, musayanike nyemba, amene mukufuna kupopera mbatatesi poperani lero, Lachisanu kudzayera ndipo usiku kudzazizira. Zinenedwe m'Chichewa cha pamudzi. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho sakwana mmodzi pa asanu alionse m'dziko lonse, ndipo kumidzi ya Macanga ndi ochepa kuposa apo.

Otsutsa ena amati azanyengo ndi abodza, ndipo makolo athu ankakolola popanda wailesi. Kukayika kwawo kuli ndi maziko. Mvula ya mabingu ya mu Disembala ndi Januwale imabadwira pomwepo masana amodzi, n'kugwa pa mudzi uwu n'kusiya winawo, ndipo ngakhale makompyuta amphamvu a ku Ulaya amavutika nayo. Munthu amene anabzala atamva ulosi mbewu n'kupserera ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma nyengo ya masika ndi ya mtundu wina. Mwera ndi chiperoni zimachokera ku mpweya waukulu umene umaoneka ukuyenda masiku angapo usanafike, ndipo namondwe amalondoledwa kuchokera kutali: Freddy anakhala ndi moyo masiku 36, akatswiri a ku La Réunion akulengeza njira yake tsiku ndi tsiku. Pa dziko lonse luso la ulosi lakhala likuwonjezeka ndi tsiku limodzi pa zaka khumi zilizonse, moti ulosi wa masiku asanu lero ndi wodalirika kuposa mmene wa masiku atatu unalili m'zaka za m'ma 1980. Ndiye taonani kupusa kwake: timakuwa kwambiri za nyengo m'miyezi imene ulosi umaphonya, n'kukhala chete m'miyezi imene umalasa. Za zizindikiro za makolo, sindizinyoza. Mkulu amene waona mitambo itavala phiri la Dómuè ndi mphepo itatembenuka amadziwa kuti mawa kunyowa. Koma diso lake limafika mawa basi, pomwe funso la wokolola ndi lakuti kodi ndidule lero kapena ndidikire mpaka Loweruka. Komanso makolowo ankalima chimanga chamakolo cha makoko otseka, analibe ngongole ya fodya, ndipo sankathamangira lole ya ku Beira.

Ena amati zida kulibe ndipo ndalama kulibe. Zida ndi zochepadi. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse la WMO lakhala likunena kuti malo oyezera nyengo mu Africa amangofika gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a mlingo wofunika. Koma boma la Mozambique linalengeza ndondomeko yakuti boma lililonse laling'ono likhale ndi malo ake oyezera nyengo, ndipo mu Sepitembala 2022 nduna za mayiko a SADC zinasonkhana ku Maputo komweko n'kulonjeza kuti uthenga wochenjeza uzifika kwa aliyense. Bungwe la United Nations linaika chaka cha 2027 ngati malire a lonjezo lomwelo. Malonjezo amenewa akamatanthauza anamondwe okha, ndiye kuti atheka ndi theka. Chida choyezera mvula ndi chitini cha pulasitiki chokhala ndi mizere, ndipo mphunzitsi kapena mlangizi aliyense wokhala ndi foni angathe kutumiza nambala yake m'mawa uliwonse. Kampani ya fodya ili kale ndi alangizi oyenda pa njinga zamoto mudzi ndi mudzi, ndipo nayonso imataya tsamba likachita chuku. Palibe chifukwa choti boma, limene linaipatsa dera lonselo kuti izigulamo yokha, lisaipemphe kunyamula ulosi wa sabata pamodzi ndi feteleza. Mtengo weniweni wa ntchitoyi ndi munthu mmodzi ku ofesi ya INAM ya ku Tete wopatsidwa udindo wa maboma a kumpoto, womasulira wodziwa ulimi, ndi mphindi zisanu za pa wailesi. Boma limene limatha kufikitsa uthenga wa chisankho pamudzi uliwonse lisatiuze kuti izi zalikanika.

Pali kutsutsa kwina kumene kumanenedwa monong'ona: anthu a kumeneko amamvera kale wailesi za ku Malawi, ndiye asiyeni. N'zoona kuti amamvera. Nthambi ya zanyengo ya ku Malawi imatulutsa ulosi wa sabata, ndipo MBC ndi Zodiak zimaunena m'Chichewa. Malire amene Britain ndi Portugal anagwirizana mu 1891 anatsata msana wa mapiri wogawa madzi, ndipo pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda pamalire penipeni, moti pamsika wa Lizulu wogulitsa kabichi ali dziko lina, wogula ali dziko lina, mtambo uli umodzi. Ulosi wa ku Dedza ndi Ntcheu ndi wapafupi ndi choonadi cha Tsangano kuposa wa ku Tete. Koma kuvomereza izi n'kungokhala ndi kuthawa udindo. Wolosera wa ku Blantyre satchula Furancungo, salandira nambala za mvula za tsidya lino, ndipo alibe woti amufunse akaphonya. Macanga amalowa kutali kumadzulo, kuseri kwa Dzalanyama, kumene mawu oti "madera okwera a chigawo chapakati" sakwanira. Yankho lake ndi kusandutsa zomwe anthu akuchita kale kuti zikhale mgwirizano wa nthambi ziwirizi: azigawana nambala za m'malire, azilemba limodzi ulosi wa chitunda chonsechi, ndipo uzimveka mbali zonse. Mzinda wa Tete ungapindule nawo koposa. Madzi a kumapiri kuno amatsikira mu Revúbuè, mtsinje umene unasefukira mu Malichi 2019 ndipo mu Januwale 2022, pa namondwe Ana, unadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize n'kutenga moyo wa mkulu wa boma la Tete, José Maria Mandere. Chitini cha mvula chimene chingapulumutse nyemba ku Tsangano ndi chomwecho chimene chingauze a mumzinda wa Tete kuti madzi ali m'njira.

Kutsutsa kolemera kuposa konse ndi kwakuti kudziwa kopanda chochita n'kosathandiza. Mlimi amadula chimanga chosauma chifukwa akuba ayamba kulowa m'munda, kapena chifukwa mwana akufuna ndalama ya sukulu ndipo venda waima pakhomo ndi sikelo. Alibe lona yofunditsira, alibe simenti yoyanikirapo, ndipo nyumba yake ndi yaing'ono. Kumuuza kuti Lachinayi kugwa mawawa sikumupatsa chilichonse mwa izi. Ndikuvomereza, ndipo aliyense wogulitsa ulosi ngati mankhwala a umphawi ndi wonama. Koma tiyang'ane mtundu wa zosankha za m'masika. Zambiri sizifuna ndalama, zimafuna kudziwa choyamba ndi chiti. Kuyamba ndi nyemba kapena chimanga, kutonola lero kapena kusiya m'makoko masiku atatu ena, kutchinga mbali ya chigafa yoyang'ana kumwera ndi udzu, kuitana aganyu Lachiwiri m'malo mwa Lachisanu, kukumba mbatatesi msewu usanaterere kuti lole ifike pamunda m'malo moisenza pamutu kukafika kumsewu waukulu: zonsezi wosauka amazichita kale, koma mwa mwayi. Wolemera akaphonya amagula lona ina, kapena amagula chimanga china mu Disembala. Wosauka ndiye alibe pobwerera, ndipo ndiye amene tsiku limodzi lodziwiratu limamupindulira kwambiri. Komanso wogula wamkulu ali kale ndi ulosi wa masiku khumi pa foni yake. Amadziwa tsiku limene msewu wa ku Tsangano udzaterera, ndipo amatchula mtengo wa thumba akudziwa. Kusiya zinthu mmene zilili si kusakondera mbali, ndi kupereka nyengo kwa amene ali nayo kale.

Masabata a masika amakhala motere: masiku ena oyera oti munthu ayanike, mwina limodzi kapena awiri a mwera, ndi mame m'mawa uliwonse. Tsiku liti likhala liti, makompyuta a ku Maputo ali nalo kale yankho labwino kuposa kungoganizira. Akuluakulu a maboma a Tsangano ndi Macanga sayenera kudikira lamulo la nyumba ya malamulo kuti alipemphe. Ofesi za SDAE, zomwe zimayang'anira ulimi m'mabomawa, zingathe kulembera INAM ku Tete kupempha ulosi wa maboma awo, n'kuupereka ku wailesi, kwa alangizi ndi kwa mafumu Lolemba lililonse mpaka kumapeto kwa Julaye, chisanu cha m'madimba chitadutsa. Ndipo alimi, kudzera m'magulu awo a fodya ndi a mbatatesi, aziwerenga masabata amene ulosiwo walasa ndi amene waphonya, kuti pofika masika a chaka chamawa tidzakangane ndi nambala m'manja.